Nkhulambe asafafanizike kawiri

Pa 28 Sepitembala 2022, pakati pa mzinda wa London, pabwalo lotchuka la Trafalgar Square, adavundukula chiboliboli cha Mbusa John Chilembwe atavala chipewa chake kumutu. Amene adachikonza ndi mwana wa dziko lino, bambo Samson Kambalu. Pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, m'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy adagwetsa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha ku Nkhulambe, m'boma la Phalombe, ndipo matope, miyala ndi mitengo yochokera m'phiri zidakwirira nyumba, minda, manda ndi chipatala. Ambiri nkhani ziwirizi amaziona ngati zotalikirana, ina ya anthu okhuta a ku Ulaya, inayo ya amphawi a kumalire. Ine ndikuti nkhaniyi ndi imodzi, ndipo m'ndemanga ya sabata ino ndikufuna tikambirane chifukwa chake.

Tiyambe ndi munthuyo. A Kambalu adabadwa mu 1975. Bambo awo adali a zachipatala, ndipo monga zinkakhalira ndi ogwira ntchito m'boma, ankasamutsidwa kuchoka boma ili kupita boma lina, banja lonse lili pambuyo. Za ubwana wosamukasamukawu adazilemba m'buku lawo lotchedwa The Jive Talker, lomwe lidatuluka mu 2008. Adaphunzira ku Kamuzu Academy, kenaka ku Chancellor College ku Zomba, asanapite ku Mangalande komwe adapitiriza maphunziro mpaka kudzakhala mphunzitsi wa zaluso pa yunivesite ya Oxford. Munthuyu kusamuka amakudziwa ndi mapazi ake, si zongomva kwa ena.

Luso lawo ndi losiyana ndi lija tidazolowera kuliona m'mbali mwa misewu, la mvuu zosema ndi zithunzi za dzuwa likulowa panyanja zogulitsa kwa alendo. Sindikunyoza anzathu osemasema, chifukwa ndi momwemo amadyetsera ana awo. Koma a Kambalu amayamba ndi kafukufuku. Amalowa m'nyumba zosungiramo zikalata zakale, n'kufukula zithunzi ndi makalata amene eni ake ankaganiza kuti adagona kalekale, n'kuwatulutsira poyera kuti anthu awaonenso. Mu 2015, pachionetsero chachikulu cha zaluso cha ku Venice m'dziko la Italy, adaonetsa zikalata za mkulu wina wolembalemba, Gianfranco Sanguinetti, zomwe adazijambula m'laibulale ya pa yunivesite ya Yale ku America. Mkuluyo adakwiya n'kukasuma, koma khoti la ku Venice lidagamula mokomera a Kambalu. Mwana wa ku Malawi adaima pabwalo la milandu la azungu kuteteza mfundo yakuti zikalata za mbiri sizoyenera kutsekeredwa m'kabati.

Chachiwiri, luso lawo limafuna manja a anthu ena. Mu 2000 adatenga mpira wamiyendo n'kuumata ndi masamba a Baibulo, nautcha Holy Ball, ndipo aliyense wobwera kudzaona ankaloledwa kuumenya. Ena adaipidwa nazo, ena adaseka, koma palibe adachoka osafunsa funso. Ali ndi timafilimu tawo tatifupi tosapitirira mphindi imodzi, tomwe amatitcha Nyau Cinema, potengera nzeru za gule wamkulu. Pabwalo la gule, aliyense amadziwa, chilombo sichivina chokha: pamafunika oimba ng'oma, amayi oomba m'manja ndi khamu lozungulira. Umu ndi momwe mkuluyu amaonera ntchito ya waluso.

Tsono chiboliboli cha ku London chija chidachokera pa chithunzi cha mu 1914, chojambulidwa potsegulira tchalitchi chatsopano cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Pachithunzipo Chilembwe waima pambali pa mzungu wamishoni, John Chorley, onse awiri zipewa zili kumutu. Ife a masiku ano tikhoza kufunsa kuti chodabwitsa n'chiyani pamenepa. Nthawi imeneyo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akaona mzungu, ndipo wokana ankaona zakuda. Choncho chipewa cha Chilembwe chidali mawu athunthu okana kunyozedwa. A Kambalu adachita chinthu chimodzi chokha pachithunzicho: adakulitsa Chilembwe mpaka kutalika pafupifupi mamita asanu, Chorley n'kumusiya pamsinkhu wa munthu wamba. Ntchitoyo adaitcha Antelope, pokumbukira kuti chilembwe ndi dzina la nyama ya m'tchire, komanso pokumbukira kasiyamaliro wa ku dambwe.

Malo amene chidaimawo nawonso ali ndi mbiri. Nsanja ya mwalayo idamangidwa mu 1841 kuti pakhale chiboliboli cha mfumu ya Angerezi, koma ndalama zidathera panjira ndipo idakhala yopanda kanthu kwa zaka zoposa 150. Kuyambira mu 1999 pamaikidwa ntchito za aluso osiyanasiyana mosinthanasinthana. Pabwalo lomwelo pali ziboliboli za Henry Havelock ndi Charles Napier, akuluakulu a nkhondo amene adathandiza Angerezi kupondereza dziko la India. Pakati pa anthu oterewa, mbusa wa ku Chiradzulu adaima ndi chipewa chake kwa zaka ziwiri, mpaka nthawi yake idakwana mu 2024.

Nanga zikukhudza bwanji Nkhulambe? Funsani kuti anthu amene ankadzaza tchalitchi cha Chilembwe adali ndani. Ambiri adali Alomwe ongofika kumene kuchokera ku Mozambique, ogwira thangata m'minda ya azungu monga ya A. L. Bruce ku Magomero, komwe kapitawo wamkulu adali William Jervis Livingstone. Anthu obwerawa adalibe malo awoawo, ndiye mwini esiteti ankawachita chilichonse chomwe wafuna, podziwa kuti alibe kothawira. Pa 23 Januwale 1915 mkwiyo wawo udaphulika. Zinthu zitavuta, Chilembwe adathawa kulowera kumalire a Mozambique, njira yomweyo imene anthu ake adadzera pobwera, ndipo adawomberedwa pa 3 Febuluwale 1915 m'boma la Mulanje la nthawiyo, lomwe linkaphatikiza Phalombe yense. Atsamunda adamuika m'manda mobisa, ndipo tchalitchi chake adachiphwasula. Ankadziwa bwino kuti ukafuna kupha nkhani, umayamba wafafaniza malo ake.

Dera la Mfumu Yaikulu Nkhulambe lili kuseri kwa phiri la Mulanje, kuyang'anana ndi Mozambique, ndipo mbiri yake yonse ndi ya anthu apaulendo. Pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi pankadutsa magulu a akapolo opita kugombe la nyanja yamchere, n'chifukwa chake Angerezi adamangapo linga la Fort Lister mu 1893. Malire amene tikuwadziwa lerowa adalembedwa mu 1891 pamgwirizano wa Angerezi ndi Apwitikizi, popanda kufunsa mfumu ngakhale imodzi ya kuno, ndipo adadula pakati mabanja ndi minda. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mpaka m'ma 1930, Alomwe miyandamiyanda adawoloka malirewo pothawa msonkho, chibalo ndi nkhanza za Apwitikizi. Kuno adalandiridwa ndi dzina lachipongwe, lomwe sindilibwereza pano, mpaka akuluakulu monga a Lewis Bandawe adalimbana nalo m'zaka za m'ma 1940 kuti mtunduwu uzitchulidwa ndi dzina lake lenileni. Pakalembera wa mu 2018, Alomwe adapezeka kuti ndi mtundu wachiwiri kukula m'dziko lino, pafupifupi anthu 19 pa 100 alionse.

Ulendo sudathere pomwepo. Ana a anthu obwerawa nawo adanyamuka, ena kukathyola tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo, ena ku Halale, ena kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa, mpaka ndege ya Wenela idagwa ku Francistown pa 4 Epulo 1974 n'kupha anzathu oposa 70. Ambiri sadabwerenso, adasanduka matchona, ndipo m'midzi mudatsala amayi olera ana okha. M'zaka za m'ma 1980 mphepo idatembenuka: nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idathamangitsira kuno anthu oposa 1 miliyoni, ndipo midzi ya m'malire monga ya ku Mulanje ndi Phalombe idagawana nawo minda, zitsime ndi nkhuni mpaka mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Lero achinyamata a m'dera lomweli akukwerabe mabasi a ku Johannesburg. Palibe banja kumeneko limene lilibe nkhani ya munthu amene adabwera kapena amene adapita.

Pamwamba pa zonsezi pali phiri. Pa 10 Malichi 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola anthu mazanamazana ku Phalombe. Nthawiyo dziko lino lidali pansi pa chipani chimodzi. Wailesi idali imodzi, nyuzipepala zidali za eni dziko, ndipo wailesi ya kanema idadzabwera mu 1999. Munthu sakadayerekeza kufunsa poyera kuti n'chifukwa chiyani anthu ankakhala m'njira ya madzi, kapena kuti thandizo lidayenda bwanji. Opulumuka adalira, adaika maliro amene adapezeka, n'kubwerera kukamanga. Zambiri zimene adaona zidatsala m'mitu mwawo, ndipo chaka chilichonse nkhalamba zikamatsikira kuli chete zimapita nazo.

Patatha zaka 32, mwezi womwewo wa Malichi, madzi adabweranso. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Malinga ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, Freddy adapha anthu oposa 670 m'dziko muno, oposa 500 adasowa osapezekanso, ndipo oposa 650,000 adasowa pokhala. Ku Nkhulambe misewu ndi milatho zidaduka kotero kuti kwa masiku ambiri thandizo linkafika pa helikopita basi. Ziwerengerozi n'zofunika, ndipo tikuthokoza amene adazisonkhanitsa. Koma chiwerengero sichinena dzina la munthu. Sichinena kuti pamene pali mchenga ndi miyala lero padali mtengo wa mango umene agogo adabzala atangofika kuchokera kutsidya, kapena kuti pansi pa miyalayo pali manda a mbumba yonse.

Apa ndi pamene pali nkhawa yanga. Boma ndi mabungwe adalangiza anthu a m'malo angozi kuti asamukire kumtunda, ndipo langizoli ndi labwino, moyo ndi wofunika kuposa dothi. Koma kusamutsa munthu si kusamutsa denga lokha. Kwa Alomwe, monganso kwa Amang'anja ndi Ayao, malo amayenda ndi mbumba ya kuchikazi: munda ndi wa amayi, udachokera kwa amayi awo, ndipo mwamuna amadzakhala pachikamwini. Malire a minda salembedwa papepala, amadziwika ndi mtengo, chulu, mwala kapena kamtsinje. Napolo akachotsa zizindikiro zonsezi m'usiku umodzi, mayi wamasiye adzaloza chiyani pa tsiku la mlandu wa malo? Ndipo pamalo atsopanowo, pamene wafika ngati mlendo m'dera la mfumu ina, adzukulu ake adzadziwa bwanji kumene adachokera? Madzi adafafaniza Nkhulambe kamodzi. Kuiwala kwathu kukhoza kumufafaniza kachiwiri, ndipo kwachiwiriku sitidzanamizira mvula.

Ntchito yoletsa zimenezi ndi imene aluso a mtundu wa a Kambalu amaidziwa. Tangoganizani waluso atakhala ku Nkhulambe miyezi ingapo, osati kungofika m'mawa pa galimoto n'kubwerera madzulo. Akhale pansi ndi amayi, mafumu, aphunzitsi ndi ana asukulu, ajambule limodzi mapu a midzi monga idalili madzi asanabwere: nyumba ya uje idali apa, chitsime apa, manda apa, mtsinje unkadzera apa mu 1991 ndipo udadzera apa mu 2023. Alembe maina a onse amene adapita, mudzi ndi mudzi, mochita kufunsa abale awo. Ajambule mawu a nkhalamba m'Chilomwe ndi m'Chichewa. Kenaka apite ku Zomba, kunyumba yosungira zikalata za boma, ndi ku Mandala House ku Blantyre komwe kuli laibulale ya Society of Malawi, akafukule mapu ndi malipoti a atsamunda onena za dera limeneli, abwere nazo kumudzi kuti eni ake aone zimene zidalembedwa za iwo, atsutse pamene pali bodza. Zotsatira zake zikhoza kukhala nsalu yaikulu yosokedwa ndi amayi, khoma lojambulidwa pasukulu, kapena chipilala chomangidwa ndi miyala yomwe idatsika m'phiriyo. Asankhe ndi eni ake.

Zoterezi si maloto, zidachitikapo m'dziko momwe muno. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo kwa zaka zambiri adagwira ntchito ndi osema komanso akuluakulu a m'midzi kusonkhanitsa mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Waluso wina wa kuno, a Massa Lemu, pamodzi ndi anzawo a gulu la Ozhopé, agwirapo ntchito ndi asodzi a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, pogwiritsa ntchito mabwato akale pofunsa mafunso okhudza mwini nyanja ndi zofuna kukumba mafuta. Mlembi Steve Chimombo adatenga napolo yemweyu n'kumusandutsa mutu wa ndakatulo zake zomwe zidatuluka mu 1987, nthawi imene kulankhula molunjika kudali kuputa ndende. Ndipo eni dera ali kale ndi luso lawo: tchopa, amene bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2014, ndi gule amene makolo ankavina popereka nsembe kukagwa chilala kapena mliri. Anthuwa sakudikira munthu wa digiri kuti awaphunzitse kukumbukira. Akusowa wogwirana naye dzanja ndi zipangizo.

Koma ndichenjeze, chifukwa mawu akuti kugwirira ntchito limodzi ndi okoma pakamwa ndipo ambiri amabisalamo. Tonse tidaona zimene zidachitika madzi ataphwa. Anthu adafika ndi makamera, kujambula amayi akulira ndi ana ali m'matope, osapempha, osafunsa ndi dzina lomwe. Zithunzizo zidayenda pa Facebook ndi m'malipoti opemphera ndalama, ndipo eni nkhope sadazionepo. Ife atolankhani tili m'gulu lomwelo, tisadzipatule. Waluso amene angapite ku Nkhulambe ndi mtima womwewu, kukatola misozi ya anthu kuti akatchuke nayo ku Ulaya, ndi wathangata watsopano, ngakhale khungu lake likhale lakuda. Mgwirizano weniweni uli ndi zizindikiro zake. Munthu afunsidwe ndipo akhale ndi ufulu wokana. Amene wapereka nthawi yake alipidwe, poti tsiku limene wakhala akufotokoza mbiri ndi tsiku limene sadapite kudimba. Maina a amene agwira nawo ntchito alembedwe pambali pa dzina la walusoyo. Ndipo ntchitoyo ionetsedwe ku Nkhulambe isanapite ku Lilongwe kapena ku London.

Chenjezo lachiwiri likupita kwa andale. M'dziko muno tili ndi chizolowezi chosandutsa maliro kukhala msonkhano wachipani, ndi chikhalidwe cha mtundu kukhala nsanja yopemphera mavoti. Mbiri ya Alomwe si katundu wa chipani chilichonse, ndipo matope a Freddy sadafunse munthu khadi la chipani kapena mtundu wake. Chikumbutso chimene chidzapakidwe utoto wachipani, kapena chimene dzina la nduna lidzalembedwe m'malemba aakulu kuposa maina a omwalira, chidzakhala chipongwe kwa amasiye. A Kambalu adationetsa kuti funso lalikulu pa chikumbutso chilichonse n'lakuti wakulitsidwa ndani, wachepetsedwa ndani. Ku Nkhulambe wokulitsidwa akhale mayi amene adapulumutsa ana usiku uja, ndi mnyamata amene adakumba matope ndi khasu kufunafuna anansi ake.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu awerengi mukuti: mkonzi, anthu akufuna chimanga, malata ndi mankhwala, iwe ukukamba za zojambula, kodi chiboliboli amadya? Funsoli ndi loona ndipo sindilithawa. Chipatala, milatho ndi nyumba zibwere poyamba, ndipo nyuzipepala ino sidzatopa kufunsa za ndalama zonse zimene zidaperekedwa m'dzina la anthu ovutikawa. Koma taonani kuti mapu ojambulidwa ndi eni mudzi, osonyeza kumene madzi adadzera kawiri konse, ndi chida chopulumutsira moyo, chifukwa amauza womanga nyumba mawa pamene sayenera kumanga. Mndandanda wa maina ndi minda ndi umboni pa milandu ya malo, makamaka tsopano pamene lamulo la malo a makolo la mu 2016 likulimbikitsa kulembetsa malo. Ndipo mudzi umene uli ndi mbiri yake yolembedwa ndi wovuta kuunamiza, chifukwa umakumbukira amene adalonjeza, tsiku limene adalonjeza ndi chimene adalonjeza. Mtengo wa ntchito yonseyi sungafike pa mtengo wa galimoto imodzi mwa zija akuluakulu amakwera pobwera kudzapepesa.

Ine ndidabadwa referendamu ya pa 14 Juni 1993 itapita kale, ndipo sukulu ya ukachenjede ndidaisiyira panjira. Za Chilembwe zimene ndidaphunzira m'kalasi zidali zaka ndi maina oloweza pokonzekera mayeso. Nkhope yake timaigwira tsiku ndi tsiku pa ndalama, ndipo pa 15 Januwale timapuma, koma ndi angati mwa a msinkhu wanga amene amadziwa kuti anthu amene adafa naye ambiri adali obwera, ngati agogo a anthu a ku Nkhulambe? Zidatengera waluso kukumba chithunzi chimodzi kuti dziko lonse lapansi lifunse za mbusayu. Ndipo n'zomvetsa chisoni kuti anthu a ku London adachizungulira chibolibolicho kwa zaka ziwiri pamene a ku Mbombwe ndi ku Phalombe, eni nkhani, ochepa okha ndi amene adachiona, pafoni.

Tisaiwale kumene tachokera. Lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo la mu 1968 lidatseka pakamwa aluso kwa zaka zambiri. Jack Mapanje adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Aepiskopi atatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992, ndipo Amalawi atavota mu 1993 ndi pa 17 Meyi 1994, tidapeza malamulo oyendetsera dziko amene gawo 35 limapereka ufulu wolankhula, gawo 26 ufulu wa chilankhulo ndi chikhalidwe, ndipo gawo 37 ufulu wopeza zimene boma likusunga. Ufulu umenewu anthu adaufera. Koma ngati ukuthera m'mizinda, kwa ife odziwa Chingerezi, pamene mayi wa kuseri kwa phiri alibe pokambira nkhani yake, ndiye kuti demokalase yathu ili ndi mwendo umodzi.

Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, poona mgwirizano wa phirili ndi miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alomwe. Ndi ulemu waukulu ndipo tonse tidakondwa. Alendo adzabwera, mabuku okongola adzasindikizidwa, ndalama zidzalowa. Funso langa n'lakuti m'mabukumo mudzakhala mathithi, mikungudza ndi nthano za mizimu zokha, kapena mudzakhalanso anthu amene phiri lomweli lidawagwetsera miyala? Chikhalidwe chimene UNESCO yalemekeza chili m'mitu ya anthu okhala m'tsinde mwa phiri, ndipo ena mwa iwo ndi omwe akusamutsidwawa.

Choncho pempho langa likupita kwa awa. Nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ndi zipilala, pamodzi ndi nyumba yosungira zikalata ku Zomba, zitsegule makabati ndi kutumiza kumudzi makope a mapu, zithunzi ndi malipoti okhudza Phalombe. Khonsolo ya Phalombe ndi aphungu a m'bomalo apatule kagawo ka ndalama za chitukuko cha m'madera kaamba ka ntchito yolemba maina ndi mbiri ya midzi imene idakokoloka. Aphunzitsi a zaluso ndi a mbiri yakale m'mayunivesite athu atumize ophunzira awo kumeneko, akaphunzire kumvetsera. Aluso athu amene ali kunja, amene dzina la Malawi lawatsegulira zitseko, akumbukire kuti kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, ndipo tikupempha kuti ntchito ya Antelope, kaya ndi chifanizo chake kaya ndi zithunzi zake, idzafike ku Mbombwe ndi ku Phalombe. Mafumu nawo atsogolere, koma alole amayi ndi achinyamata kulankhula, poti mutu umodzi susenza denga.

Nthawi sikudikira. Amene adaona napolo wa 1991 ali akuluakulu tsopano ndi nkhalamba. Ana amene adali m'kalasi yoyamba pamene Freddy ankabwera akukula, ndipo posachedwa mchenga uja adzauyesa kuti udali pomwepo chiyambire. Akatswiri a zanyengo akutichenjeza kuti anamondwe amphamvu chotere adzabweranso. Atsamunda adabisa manda a Chilembwe mwadala, pofuna kuti aiwalike, ndipo adalephera chifukwa padapezeka anthu osunga nkhani yake ndi chithunzi chake. Anthu a ku Nkhulambe palibe amene akufuna kuwabisa mwadala. Chimene chingawakwirire ndi ulesi wathu, ndipo umenewo tikhoza kuugonjetsa tikayamba chaka chino, eni nkhani akadali moyo.